Tidziwe Nthaka ya Kwathu

Nthaka ili ndi mitundu. Mlimi wodziwa nthaka yake sataya mbewu pachabe.

Kumtunda, ku Angónia ndi Tsangano, kuli katondo wambiri. Katondo ndi dothi lofiira. Limasunga chinyezi. Chimanga, nyemba ndi mbatatesi zimabereka bwino pa katondo. Koma tikamalima chimanga chokhachokha chaka ndi chaka, dothi limatopa. Kaufiti akachuluka m'munda, tidziwe kuti nthaka yaguga.

M'madambo muli makande. Ili ndi dothi lakuda, lomata. M'dzinja limadzaza madzi. M'chilimwe limang'ambika. Apa ndi pabwino kulima dimba la kabichi, tomato, anyezi ndi mpiru. Tikweze mabedi kuti mizu isaole.

Kuchigwa cha Zambezi, kufupi ndi Tete, kumatentha ndipo mvula ndi yochepa. Pa dothi lamchenga madzi sakhalitsa. Kumeneko mapira, mchewere ndi khobwe zimapirira kuposa chimanga.

Yesani chonchi: tapani dothi, linyowetseni, lifinyeni m'dzanja. Likamwazika, lili ndi mchenga wambiri. Likagwirana ndi kuumbika, lili ndi dongo lambiri.

Nthaka nayo imafuna chakudya. Tisatenthe mapesi, tiwakwirire. Tithire manyowa a m'khola. Tisinthanitse chimanga ndi mtedza kapena nyemba, chifukwa mbewu zimenezi zimabwezera chonde. Pamalo otsetsereka, tilime mizere yopingasa kuti madzi asakokolole dothi.

Tikambirane:
1. Kodi m'munda mwanu muli dothi lanji?
2. Nanga ndi mbewu ziti zoyenera dothi limenelo?