Voti ya Aluya a ku Israel: momwe imafikira m'Nyumba ya Malamulo

Mwa anthu asanu alionse okhala m'dziko la Israel, mmodzi ndi Mluya. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu, ena ndi Akhristu, ena Adruze. Amapezeka kwambiri ku Galilee (monga mumzinda wa Nazareth), ku Umm al-Fahm ndi madera oyandikana nawo, komanso m'chipululu cha Negev. Ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anatsala m'dzikomo nkhondo ya 1948 itatha, ndipo ambiri amadzitchula kuti Apalestina. Ufulu wovota ali nawo, woima pa chisankho ali nawonso, koma mipando imene zipani zawo zimapeza mu Knesset, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, imakwera ndi kutsika modabwitsa. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuona kaye momwe chisankhocho chimayendera.

Ndani amavota, ndipo amavota bwanji?

Nzika iliyonse ya zaka 18 imavota, ndipo wofuna uphungu ayenera kukhala ndi zaka 21. Apalestina ambiri a ku East Jerusalem si nzika. Ali ndi chilolezo chongokhala, choncho amaloledwa kuvota pa chisankho cha khonsolo ya mzinda chokha. Apalestina a ku West Bank ndi Gaza savota nawo konse pa chisankho cha Knesset.

Knesset ili ndi mipando 120, ndipo palibe phungu amene ali ndi dera lakelake. Dziko lonse ndi dera limodzi. Chipani chimapereka mndandanda wa maina chisankho chisanachitike, ndipo wovota amasankha chipani, osati munthu. Akalowa kuseri kwa chotchinga amapeza thireyi yodzaza ndi timapepala, kalikonse kokhala ndi zilembo zoimira chipani chimodzi. Amatola kamodzi, kuika mu envulopu, n'kuponya m'bokosi. Chipani chikapeza mipando isanu, anthu asanu oyamba pa mndandanda wake ndiwo amalowa m'nyumbayo.

Kwa mtundu wochepa, dongosolo limeneli lili ndi ubwino wake: voti ya Mluya wa ku Haifa imaphatikizidwa ndi ya mnzake wa ku Rahat, ngakhale akhala motalikirana. Vuto lili pa mlingo umene chipani chiyenera kufika kuti chipatsidwe mpando. Kale unali 1 peresenti ya mavoti onse, kenako 1.5, kenako 2, ndipo mu 2014 unakwezedwa kufika 3.25 peresenti, yomwe ndi pafupifupi mipando inayi. Chipani chikalephera kufika pamenepo, mavoti ake onse amapita padera.

Kumene zinachokera

Pa chisankho choyamba, mu 1949, Aluya atatu analowa mu Knesset. Mmodzi anali Tawfik Toubi wa chipani cha Chikomyunizimu, amene anakhalamo mpaka 1990. Awiri enawo anachokera pa mndandanda wa ku Nazareth wokhala pansi pa Mapai, chipani cholamula. Kufikira 1966 madera a Aluya ankalamulidwa ndi asilikali, ndipo munthu ankafunika chilolezo kuti atuluke m'dera lake. Pa nthawiyo anthu ankavota mwaunyinji, koma mavoti ambiri ankapita ku timindandanda tokonzedwa ndi chipani cholamula kudzera mwa akuluakulu a mabanja.

Zipani zoima pazokha zinakula pambuyo pake. Hadash, yomwe inayamba mu 1977, ndi ya Aluya ndi Ayuda pamodzi. Balad imatsindika za fuko la Apalestina ndipo imafuna kuti Israel likhale dziko la nzika zake zonse. Ta'al imatsogoleredwa ndi Ahmad Tibi, pamene Ra'am inachokera ku nthambi ya kummwera ya gulu la Chisilamu. Aluya ena, makamaka Adruze, amavotera zipani za Ayuda, ndipo ena amalowa mu Knesset kudzera m'zipanizo.

Kugwirizana ndi kugawikana

Mlingo utakwezedwa mu 2014, zipani zinayizi zinaona kuti chilichonse pachokha chitha kugwa. Mutu umodzi susenza denga: zinapanga mndandanda umodzi, Joint List, motsogozedwa ndi Ayman Odeh. Mu 2015 unapeza mipando 13, n'kukhala wachitatu pa ukulu mu Knesset. Zitagawikana mu April 2019, mipando inatsika kufika 10. Zitabwererana, unapeza 13 mu September chaka chomwecho, kenako 15 mu March 2020.

Manambalawa amayendera limodzi ndi chiwerengero cha anthu opita kukavota. Mu 2020 Aluya pafupifupi awiri mwa atatu alionse anavota, koma mu 2021, Ra'am itachoka mu mgwirizano, ovota sanafike ngakhale theka. Mu November 2022 panali mindandanda itatu. Ra'am inapeza mipando isanu, Hadash ndi Ta'al isanu, koma Balad inathera pa 2.9 peresenti, ndipo mavoti oposa 130,000 sanapereke mpando ngakhale umodzi.

Si onse okhala panyumba amene amachita ulesi. Alipo amene amanyanyala mwadala, ponena kuti kuvota n'kuvomereza boma lowasala. Nkhani imeneyi ndiyo inagawa gulu la Chisilamu mu 1996, pamene nthambi ya kumpoto ya Raed Salah inakana kupikisana nawo. Mu 2001, patapita miyezi yochepa apolisi atapha Aluya 13 pa zionetsero za October 2000, Aluya osakwana mmodzi mwa asanu ndiwo anavota pa chisankho cha nduna yaikulu.

Chopinga cha lamulo

Ndime 7A ya lamulo lalikulu lokhudza Knesset imalola kuletsa mndandanda kapena munthu amene akukana kuti Israel ndi dziko la Chiyuda komanso la demokalase, wolimbikitsa tsankho, kapena wothandizira nkhondo ya adani a dzikolo. Woyamba kugamula ndi komiti yoyendetsa chisankho, yomwe wapampando wake ndi woweruza wa khoti lalikulu koma mamembala ake ndi nthumwi za zipani. Komitiyi inaletsa Azmi Bishara wa Balad ndi Ahmad Tibi mu 2003, inaletsanso Balad mu 2009 ndi mu 2022, ndipo maulendo onsewa khoti lalikulu linathetsa chiletsocho. Apa ndi pamene pamaoneka kuti mwayi wa zipani za Aluya umadalira kwambiri kuima paokha kwa makhoti.

Chisankho chikatha

Palibe chipani chimene chinapezapo mipando 61 pachokha pa chisankho, choncho boma lililonse limakhala la mgwirizano. Kwa zaka zambiri zipani za Aluya sizinkaitanidwa, ndipo nazonso sizinkafuna. Mu 1992 aphungu asanu a Hadash ndi Arab Democratic Party anathandiza boma la Yitzhak Rabin ali kunja kwake. Mu June 2021 Mansour Abbas analowetsa chipani chake cha Ra'am, chokhala ndi mipando inayi, mu mgwirizano wa Naftali Bennett ndi Yair Lapid, koyamba kuti chipani cha Aluya choima pachokha chichite zimenezi. Anapempha ndalama zotukulira matauni a Aluya, kuthana ndi umbanda, ndi kuzindikira midzi ya Abedouin ku Negev. Boma linavomereza pulani ya zaka zisanu ya mashekeli pafupifupi 30 biliyoni, koma mgwirizanowo unatha patangopita chaka chimodzi.

Mkangano ukadalipo pakati pa Aluya eni ake. Ena amati phungu alowe m'boma kuti misewu, sukulu ndi chitetezo zifike kwawo. Ena amati sangakhale m'boma limene likulamulira Apalestina anzawo ku West Bank, makamaka pamene lamulo la 2018 linanena kuti ufulu wodzilamulira monga fuko m'dzikomo ndi wa Ayuda okha. Mu nyumba imene boma limatha kuima kapena kugwa chifukwa cha mpando umodzi, zimene Aluya angasankhe pa mkanganowu zimakhudza amene adzalamulire dziko lonse.