Oumba a ku Ntcheu ndi ufa wosanduka buluu

Ku Ntcheu, monga m'madera ambiri a m'chigawo chapakati, kuumba ndi ntchito ya amayi, ndipo ambiri anaiphunzira kwa anakubala awo. Dongo amakumba kudambo, amalinyika, kenako amalikanda mpaka timiyala tonse titachoka. Mphika amaukweza ndi manja, kuusalaza ndi chitsononkho, ndipo ukayamba kuuma amaukulungiza ndi nkhulungo. Ntchitoyi imagwirika m'chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Kuwotcha kumachitikira panja, pa mulu wa nkhuni ndi makungwa. Kufiira kwa mtsuko kumachokera ku chitsulo chomwe chili m'dongomo, pomwe mawanga akuda ndi a utsi.

Zidebe zapulasitiki ndi mapoto zinawalanda makasitomala ambiri, koma mtsuko woziziritsa madzi ndi mphika wa nyemba zikugulidwabe. Amayi ena analowa m'magulu oumba chitetezo mbaula, yomwe imadya nkhuni pang'ono.

Palinso oumba amtundu wina, opanga makapu ndi mbale zonyezimira. Odziwika kwambiri ndi a Dedza Pottery, fakitale yomwe inayamba mu 1987 m'boma la Dedza, loyandikana ndi Ntcheu. Kumeneko ntchito imagawidwa: wina amakonza dongo, wina amaumba pa gudumu, wina amajambula, wina amayang'anira ng'anjo. Dongo loyera lofunika pa zinthu zotere lilipo ku Linthipe, komanso ku Senzani mu Ntcheu momwemo.

Mtundu wa buluu pa mbale zonyezimira umachokera ku kobalti, ndipo oumba ambiri padziko amaugula ngati ufa wotchedwa cobalt carbonate. Ufawu ndi wapinki, susungunuka m'madzi, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kobalti weniweni. Wojambula amapaka maluwa otuwa, osakopa maso. Ng'anjo ikatentha, ufawo umatulutsa mpweya wa carbon dioxide, chotsalacho n'kusungunukira mu utoto wagalasi wokutira mbaleyo. Pa madigiri oposa 1,200 maluwa aja amakhala atasanduka buluu. Mphamvu ya ufawu ndi yaikulu moti gawo limodzi pa magawo 100 a utotowo limakwanira, ndipo kuchulutsa kumadetsa mbale. Fumbi lake limavulaza mapapo, choncho woyeza ayenera kuphimba mphuno ndi pakamwa.

Kobalti wochuluka padziko lonse amakumbidwa ku Katanga m'dziko la DR Congo, ndipo opanga mabatire a mafoni ndi magalimoto amamulimbirana, n'chifukwa chake ufawu ndi wodula. Komabe chimene chimatsekereza woumba wa kumudzi si mtengo wokha. Moto wa pamulu sufika kawirikawiri ngakhale madigiri 900, ndipo popanda galasi losungunuka buluu satuluka. Luso lilipo kale m'manja mwa amayiwa, dongo labwino lili ku Senzani. Chosowa ndi ng'anjo yotsekeka komanso munthu wowaphunzitsa kusakaniza utoto.