Nkhondo inatha, koma ena akugonabe panja

Omvera athu a ku Tsangano, Ntengo-wa-Mbalame, Furancungo, Chidzolomondo, ndi inu a tsidya lina ku Ntcheu ndi ku Dedza, nonse mukudziwa mmene kumazizirira kuno mu Juni ndi Julayi. Munthu umafunda mabulangete awiri koma mphepo n'kumakulowabe m'mafupa. Tsono taganizirani za bambo wa zaka pafupifupi 60 amene akugona pakhonde la golosale pamsika, atafunda matumba a feteleza. Ana amamutcha wamisala. Akuluakulu amangoti, "N'zija za kunkhondo," n'kupitiriza ulendo wawo.

Ine ndinabadwa nkhondo itatha kale. Zambiri ndimangomva kwa amayi. Koma mmodzi mwa anthu ogona panjawo anali amalume anga enieni, mlongo wawo wa amayi. Andilola kuti ndilembe nkhani yawo, koma dzina lawo sinditchula. Mbali imene anamenyera nkhondo sinditchulanso, ndipo chifukwa chake muchiona kutsogoloku.

Mmene anapitira ndi mmene anabwerera

Amalume anatengedwa ali mnyamata, akudyetsa ng'ombe kudambo, m'zaka za m'ma 1980. Pasanapite nthawi banja lonse linathawira ku Ntcheu, monga anachitira anthu ambiri a kuno. Pa nthawi ina dziko la Malawi linasunga anthu athu pafupifupi 1 miliyoni. Agogo anadikira mwana wawo mpaka anataya mtima, ndipo anamulira maliro popanda mtembo.

Pa 4 Okutobala 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasainira mgwirizano wa mtendere ku Rome. Pofika 1994, bungwe la United Nations kudzera m'gulu lake la ONUMOZ linali litatulutsa m'usilikali anthu pafupifupi 92,000 a mbali zonse ziwiri. Aliyense anapatsidwa zovala, khasu, mbewu ndi thiransipoti yopitira kwawo, komanso kandalama kamene ankalandira kwa zaka ziwiri. Amalume anatulukira pamudzi chaka chomwecho. Amayi amati agogo anayamba kuwaponyera dothi asanawagwire, kuti aone ngati sanali mzukwa.

Zaka ziwiri zitatha kandalama kaja kanatha. Anzawo ambiri anakhazikika, analima mbatesi ndi fodya, anabereka ana, ndipo lero simungadziwe n'komwe kuti anagwirapo mfuti. Ichi ndikufuna chimveke bwino, chifukwa si msilikali wakale aliyense amene ali wodwala. Koma kwa amalume zinthu sizinayende choncho. Usiku ankakuwa kutulo. Chitseko chikatsekedwa ankatuluka thukuta. Mwana akagwetsa chidebe, iwo ankadzigwetsa pansi. Anapeza kuti kachasu amawagonetsa, ndiye anayamba ndi kabotolo kamodzi madzulo. Banja lawo linatha, mayi aja anapita ndi ana kwawo.

Anayeserabe. Kwa zaka zingapo ankalima dimba n'kumagona m'kamsasa komweko. Kenako mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'madera ena a Tsangano ndi Moatize, anthu oposa 10,000 n'kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo pambuyo pake anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno. Kumudzi kwathu nkhondoyo sinafike, koma mbiri yake yokha inakwanira. Amalume anasiya dimba n'kupita kukakhala pamsika. Kumeneko ankasenza matumba a mbatesi, malipiro ake n'kuthera kumowa. Ife abale awo tinatopa nawo. Ineyo ndinkati ndikawaona ndili ndi anzanga akusukulu, ndinkadzera njira ina.

Anayamba ndi phala

Amene anawatola si ife. Anali amayi atatu a mphakati wa Katolika amene amagulitsa pamsikapo. Sanayambe ndi ulaliki ayi. M'mawa uliwonse mmodzi ankabwera ndi phala m'kambale n'kunena kuti, "Abambo, tadyani kaye musanayambe ntchito." Masabata oyamba ankangolandira osayankha. Patapita nthawi anayamba kupereka moni.

Chifukwa chowaona tsiku ndi tsiku, amayiwo anazindikira chinthu chimene ife sitinkadziwa: amalume ankatsokomola kosalekeza, ankaonda, ndipo malaya awo ankakhala onyowa ndi thukuta m'mawa ngakhale kuzizire. Anauza mkulu wa mphakati, ndipo iye anawaperekeza kuchipatala panjinga. Atayeza makhololo anapeza chifuwa chachikulu cha TB.

Apa ndiime kaye, popeza ino ndi nkhani ya zaumoyo. Munthu akatsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, akamatuluka thukuta usiku, akamaonda kapena kulavula magazi, apite akayezetse makhololo. M'zipatala za boma mankhwala a TB ndi aulere, ndipo amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Munthu akasiyira panjira chifukwa wayamba kupeza bwino, matenda amabwerera, ndipo nthawi zina amabwera osamva mankhwala. Tsono munthu wopanda nyumba mankhwala awasunga kuti? Amwera chiyani m'mimba muli gwaa? Adzamukumbutsa ndani? Funso limeneli ndi limene linabala nyumba ya amalume.

Mkulu wa mphakati anakaonana ndi anyakwawa, ndipo anyakwawa anaitana amayi anga. Kunena zoona, tsiku limenelo tinachita manyazi. Malo anapezeka pafupi ndi pakhomo pathu. Achinyamata a mphakati anaumba njerwa. Amayi a chigwirizano a mpingo wa Reformed atamva, anati nawonso amweta udzu, ndipo anagawana masiku ophika ndi anzawo a Katolika. Palibe amene anafunsa kuti nyumbayo ikatha amalume azikapemphera kuti.

Mipingo sinayambe lero

Achinyamata anzanga ambiri sadziwa kuti mtendere umene tikukhalamowu mipingo inaugwirira ntchito. Zokambirana za ku Rome zinachitikira kunyumba ya gulu la Akhristu la Sant'Egidio, ndipo mmodzi mwa ankhoswe anali Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Kuno kwathu mpingo unalira nawo maliro: mu Okutobala 1985 ansembe awiri a chipani cha Yesu, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, m'boma loyandikana nalo la Angónia.

Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Munthu akapereka mfuti imene anabisa ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zida ndi zipolopolo zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Zina amisiri anazidula n'kuzilumikiza kukhala zosema, ndipo mpando wina wopangidwa ndi mfuti unakafika mpaka ku British Museum ku London.

Inali ntchito yaikulu, ndipo ndikuilemekeza. Koma ndikaganiza za amalume ndimaona kuti kutolera mfuti kunali kosavuta kusiyana ndi kutolera anthu amene anazinyamula. Mfuti ukaidula ndi sowo yatha. Munthu amafuna phala mawa ndi mkuja, chaka chino ndi chamawa, ndipo ntchito yotere sikhala ndi mwambo wotsegulira woti nduna ibwere.

Ndinenenso china, ngakhale ena sachikonda. Si thandizo lonse la m'dzina la Mulungu limene limathandiza. Amalume anatengedwapo kumapemphero a usiku wonse, kumene anawaimika kutsogolo kuti aulule anthu amene anapha. Anathawa pakati pa pemphero, ndipo anamwa masiku atatu otsatizana. Enanso amauza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wapemphereredwa. Abusa ndi akulu ampingo, chonde, pempherani naye munthu, koma mankhwala amalize. Ndipo za kunkhondo musamukakamize kunena. Akafuna adzanena yekha, kwa munthu mmodzi amene wamukhulupirira, mwina akupalira limodzi kumunda.

N'chifukwa chakenso sindikutchula mbali imene amalume anamenyera. Amayi aja sanafunse. Akanafunsa, mwina mmodzi wa iwo akanakumbukira mudzi wake umene unatenthedwa, phala lija n'kuthera pomwepo. M'midzi mwathu muno muli a mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo ena mwa anthu 5,221 a Renamo amene anatula zida potsatira mgwirizano umene a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade anasainira ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019. Chifuwa sichisankha chipani.

Zoyenera kudziwa pothandiza

Kulota zoopsa mobwerezabwereza, kudzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kupsa mtima msanga, kusafuna kukhala pagulu ndi kusowa tulo, zimachitika kwa anthu amene anaona zoopsa, ngakhale patapita zaka 30. Si ufiti, ndipo si misala. Pachipatala chachikulu cha boma funsani wogwira ntchito za matenda a maganizo, amene amatchedwa técnico de psiquiatria. Mabanja ambiri nkhondo itatha anachita miyambo yosambitsa obwera kunkhondo, ndipo ena inawathandiza kulandiridwanso pamudzi. Mwambowo kapena pemphero sizikuletsani kupitanso kuchipatala.

Za mowa samalani. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu, ndipo akhoza kufa. Musamutsekere m'nyumba kuti asiye. Pitani naye kuchipatala akamuthandize kusiya bwinobwino. Amalume anauzidwanso kuti mowa ndi mankhwala a TB zikakumana zimawononga chiwindi.

Ngati munthu wayamba kunena kuti kuli bwino kufa, kapena akugawa tinthu take ngati akutsazika, musaseke. Musamusiye yekha. Chotsani pafupi naye zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo m'fodya ndi m'mbatesi, amene ali pafupifupi m'nyumba iliyonse kuno, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo.

Amene anaduka mwendo ndi bomba lokwirira atsuke chitsa cha mwendocho ndi sopo tsiku lililonse, aumitse bwino, ndipo ayang'ane ngati pali chilonda asanavale mwendo wopanga. Dziko lathu linalengeza mu Seputembala 2015 kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yachotsedwa, komabe mukakumba chitsulo chachilendo m'munda musachigwire. Uzani anyakwawa ndi apolisi. Ndipo mukampezera munthu nyumba m'nyengo ino yozizira, muchenjezeni asagone ndi mbaula ya makala chitseko ndi mawindo zili zotseka. Mpweya wake sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo.

Nanga mapepala?

Apa ndi pamene mpingo ungathandize popanda kuwononga ndalama zambiri. Boma lili ndi lamulo la omenya nkhondo, nambala 16 la chaka cha 2011, lonena za ufulu wawo. Si onse amene amalandira mofanana, chifukwa zimatengera zaka zimene munthu anatumikira, ulumali wake ndi mapepala amene ali nawo. Palinso mabungwe awo, AMODEG ya otulutsidwa m'usilikali ndi ADEMIMO ya asilikali olumala. Okalamba osauka, olumala ndi odwala matenda okhalitsa akhozanso kufunsa za thandizo la INAS, kaya anali asilikali kaya ayi.

Koma zonsezi zimayamba ndi chitupa cha BI. Ambiri mwa anthu ogona panja alibe. Amalume khadi lawo la mu 1994 linapezeka m'kathumba ka pulasitiki kamene agogo anasunga m'sutikesi mpaka kumwalira, koma BI analibe. Mnyamata wina wa kwaya amene amadziwa Chipwitikizi anawaperekeza kuofesi maulendo anayi. Ulendo woyamba amalume anatuluka pamzere n'kubwerera, chifukwa anaona munthu wovala yunifolomu pakhomo. Mphakati unasonkha ndalama ya thiransipoti, ena mametikali ena makwacha, monga timachitira kuno kumalire. BI inatuluka. Za penshoni tikudikirabe yankho, ndipo sindikulonjeza wina aliyense kuti akapita adzalandira. Chimene ndikunena n'chakuti mumpingo uliwonse muli wophunzira mmodzi amene angawerenge fomu ndi kuima pamzere pamodzi ndi mkulu wotere.

Amalume anamaliza mankhwala a TB, ndipo makhololo omaliza anapezeka abwino. Mowa sanasiyiretu. Amatha mwezi osamwa, kenako n'kugwanso, ndipo amayi a phala aja amangoyambiranso. Mwana wawo wamkulu anabwera kudzawaona kamodzi.

Pomanga nyumba ija panali mkangano pang'ono. Amalume atabwera kudzaona maziko anagwedeza mutu n'kunena kuti sagonamo. Achinyamata anakhumudwa, poti njerwa anaumba ndi thukuta lawo. Mkulu wa mphakati anawatengera pambali n'kufunsa mofatsa kuti, "Achimwene, chavuta n'chiyani?" Anayankha kuti nyumba ya khomo limodzi ndi msampha. Ndiye anagumula pang'ono kumbuyo n'kuika khomo lachiwiri.

Sabata yatha ndinapita kukawawerengera nkhani ino ndisanaipereke kuwailesi. Ndinawapeza akumanga mpanda wa kadimba ka kabichi kuseri kwa nyumba. Atamva yonse anati, "Iwe mwana, walemba zambiri. Koma uwauze kuti chitseko chakutsogolo ndimatseka tsopano." Chakumbuyo amagona chili chotsegula, ngakhale mu Julayi, ndipo amayi a chigwirizano awasokera nsalu yochindikala yotchinga mphepo.