Kodi boma lilowerere mpaka pati pa makampani a foni ndi intaneti?

Foni ya m'manja lero yasanduka banki, msika komanso wailesi ya banja. Ku Bangula, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, pomwe namondwe wa Freddy adasefukiritsa madzi mu Malichi 2023, mabanja ambiri ankamva za abale awo kudzera pa WhatsApp ndipo thandizo la ndalama linkabwera pa Airtel Money kapena Mpamba. Asodzi a ku Mangochi ndi Salima nawonso amagulitsa usipa ndi kulandira malipiro m'njira yomweyo. Nchifukwa chake funso loti ndani ayenera kuyang'anira makampaniwa likukhudza khomo lililonse.

M'dziko muno ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la MACRA. Lamulo la mchaka cha 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo pa intaneti limaletsa kuba, kuopseza ndi kuzunza anthu pa makina. Mchaka cha 2018 aliyense adalamulidwa kulembetsa simu khadi yake ndi chiphaso. Mchaka cha 2024 kudabwera lamulo loteteza mbiri ya munthu, lomwe limakupatsani ufulu wofunsa kampani zomwe ikusunga zokhudza inu, kuzikonzetsa ngati zalakwika kapena kupempha kuti zifafanizidwe.

Pa zinthu zina anthu amafuna boma lichite zambiri. Mchaka cha 2020 Amalawi adadandaula kwambiri za kukwera mtengo kwa intaneti, ndipo Airtel ndi TNM adatsitsa ina mwa mitengo yawo. Ambiri amafunanso kuti akamberembere omwe amaimba foni ponamizira kuti mwapambana mphoto kapena mwalembedwa pa Mtukula Pakhomo azigwidwa msanga. Makolo nawo ali ndi nkhawa ndi zithunzi zolaula komanso juga zomwe ana amakumana nazo pa foni.

Koma anthu omwewo amachita mantha boma likafika pa zolankhula zawo. Ena adamangidwapo kamba ka zomwe adalemba pa Facebook ndi WhatsApp ponena za atsogoleri. Kumayambiriro kwa 2025, MACRA italengeza kuti ikufuna kugula makina otsatira nkhani zabodza pa intaneti kuchokera ku kampani ya ku Ghana, mabungwe omenyera ufulu adatsutsa poopa kuti makinawo azizonda anthu chisankho cha mu Seputembala chikuyandikira. Mantha amenewa ali ndi pochokera: Uganda idatseka Facebook mu Januwale 2021, ndipo ku Zambia WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa pa tsiku lovota mu Ogasiti chaka chomwecho.

Vuto lina ndi mphamvu. Airtel ndi TNM ali ndi ziphaso za MACRA ndi maofesi konkuno, choncho akalakwa angathe kulangidwa. Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, likulu lake lili ku America. Mayiko a ku Ulaya adalipiritsa kampaniyi chindapusa cha mayuro 1.2 biliyoni mchaka cha 2023, ndipo Nigeria idagamula kuti ilipire madola 220 miliyoni mchaka cha 2024 pa nkhani yosasamala mbiri za anthu. Mayiko amenewa ali ndi misika ikuluikulu yomwe kampani singafune kutaya, pomwe Malawi payekha mawu ake ndi ochepa.

Tikamamva za lamulo latsopano, tizifunsa kuti likuteteza ndani, munthu wamba kapena amene ali pampando, komanso ngati wolakwiridwa angathe kupita kubwalo la milandu. Pakadali pano chitetezo chiyambire kunyumba. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale woimba foniyo atanena kuti ndi wa kukampani. Uthenga womwe simunautsimikize musautumize kwa ena. Mukaberedwa ndalama, kanenani kukampani yanu ya foni ndi kupolisi tsiku lomwelo, ndipo kampani ikapanda kukuthandizani, dandaulo lanu kalituleni ku MACRA.