Dongo, manyowa ndi nkhosa: phunziro lochokera ku Chernobyl

Pa 26 Epulo 1986, malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, anaphulika. Patatha pafupifupi sabata imodzi, mphepo inafikitsa fumbi lake ku Britain ndipo mvula inaligwetsera m'mapiri a ku Cumbria ndi ku Wales. M'fumbimo munali cesium-137, yemwe amatulutsa cheza choopsa ndipo pamatenga zaka 30 kuti theka lake lithe.

Boma linaletsa alimi a m'mapiriwo kugulitsa nkhosa zosayezedwa. Akatswiri ankaganiza kuti vutoli litha m'masabata ochepa chabe, koma chiletso chomaliza chinachotsedwa mu 2012. Zaka 26 zathunthu! Chinavuta n'chiyani? Yankho lili m'dothi.

Tiyambe ndi dongo. Tizidutswa ta dongo lotchedwa illite tili ndi timagawo tosanjikizana ngati masamba a buku, ndipo m'mphepete mwake timagawoti timayasamula pang'ono. Dongo lili ndi chaji ya negativu pomwe cesium ali ndi ya pozitivu, ndiye zimakokana. Cesium akalowa m'timipata ta m'mphepetito amakanirira momwemo, moti mizu ya udzu imavutika kumuyamwa. Izi n'zimene akatswiri aja ankadalira, chifukwa ankadziwa bwino dothi la m'zigwa lokhala ndi dongo lambiri.

Koma dothi la m'mapiri muja ndi lina. Ndi lakuda, lonyowa, la asidi wambiri, lodzaza ndi zomera zowolerana, dongo lochepa. Zowoleranazi nazo zili ndi chaji ya negativu, koma kagwiridwe kake n'kofooka: zimagwira cesium lero, mawa n'kumutaya m'madzi a m'dothi. Komanso zimamatirira pa dongo lochepa lomwelo n'kutchinga njira yolowera m'timipata tija.

Tsopano yang'anani pa periodic table yanu ija. Cesium ali m'gulu loyamba limodzi ndi potaziyamu, eti? Mizu siyisiyanitsa bwino ziwirizi. Dothi likasowa potaziyamu, monga la m'mapiri muja, udzu umayamwa cesium m'malo mwake. Nkhosa ikadya udzuwo, cesium amalowa m'nyama, wina n'kubwerera m'dothi kudzera m'ndowe ndi mkodzo. Basi, n'kumangozungulira choncho.

Ngozi ina itachitika ku Fukushima, ku Japan, mu 2011, nzeruyi inathandiza. Alimi a mpunga anathira feteleza wa potaziyamu wambiri kuti mizu isayamwe cesium, ndipo m'minda yambiri anapala dothi la pamwamba, momwe dongo linali litamugwira.

Tisamvane molakwika: manyowa si mdani, ndiwo chonde cha munda. Kungoti pakagwa ngozi yotere, kuyeza cheza kokha sikokwanira. Pafunikanso kufunsa kuti fumbilo lagwera pa dothi lotani.