Kuseri kwa nsalu ya pa siteji: ndalama ndi utsogoleri m'magulu a zovina ku America

Magulu ambiri otchuka a zovina ku United States amalembetsedwa ngati mabungwe osafuna phindu, motsatira gawo 501(c)(3) la malamulo a msonkho a dzikolo. Gulu lotere lilibe mwini wake wogawana nalo phindu, sililipira msonkho pa ndalama zomwe lapeza pa ntchito yake, ndipo munthu amene walithandiza ndi ndalama amachepetseredwa msonkho. Pamwamba pa gulu pamakhala bodi ya anthu ongodzipereka. Pansi pa bodi pamakhala akuluakulu awiri: mkulu wa zaluso, amene amasankha ovina ndi magule, ndi mkulu woyendetsa ntchito, amene amaona za ndalama, malipiro ndi maulendo. Mbali zitatuzi zili ngati mafuwa atatu. Fuwa limodzi likapendekeka, mphika umagwa ngakhale ndiwo zake zikhale zokoma chotani.

Chifukwa chake ndalama sizikwana

Mu 1966 akatswiri awiri a zachuma, William Baumol ndi William Bowen, adalongosola vuto lomwe limavutitsa zaluso zonse za pa siteji. Fakitale ikagula makina atsopano, anthu ochepa amapanga katundu amene kale ankafuna anthu ambiri. Gule sachepetsedwa motero. Ngati adapekedwa kuti avinidwe ndi anthu 24 kwa mphindi 30, adzafunabe anthu 24 ndi mphindi 30 ngakhale patapita zaka 100, chonsecho malipiro, lendi ndi mtengo wa maulendo zikukwera chaka ndi chaka.

Gawo lalikulu la ndalamazo limathera pa ntchito yomwe woonerera saiona. Wovina ballet amayamba tsiku ndi ola limodzi ndi theka la kuphunzitsa thupi, koyamba atagwira mtanda womangidwa m'mbali mwa khoma, kenako pakati pa chipinda, woimba piyano ali pakona. Akatero amalowa maola angapo obwereza gule yemweyo mpaka aliyense adziwe poponda. Masabata okonzekerawa salowetsa ndalama ya pakhomo, koma aliyense ayenera kulipidwa. Nsapato zovinira pansonga pa zala, zomwe amazipanga ndi manja pomata nsalu ndi guluu, zimatha kufewa ndi kutha ntchito pa usiku umodzi wokha.

Motero ndalama za matikiti sizikwanira, ndipo zotsalazo zimachokera kwa anthu akufuna kwabwino, makampani ndi mabungwe opereka thandizo. Boma lalikulu limathandizako kudzera ku National Endowment for the Arts, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1965, koma gawo lake ndi laling'ono poyerekeza ndi zomwe maboma a France kapena Germany amapereka ku magulu awo. Magulu ambiri a ballet amadalira kwambiri mwezi wa Disembala, pamene mabanja amakhamukira kukaonerera gule wa pa Khirisimasi wotchedwa The Nutcracker. Mweziwo ukavuta, chaka chonse chimatsimphina.

Thandizo nalo lili ndi zingwe zake. Opereka ambiri amakonda kulipirira gule watsopano, poti dzina lawo limaoneka pa pulogalamu, kusiyana ndi kulipirira magetsi, denga lodontha kapena malipiro a wowerengera ndalama. Kudalira munthu mmodzi n'koopsa koposa. Cedar Lake Contemporary Ballet, gulu lomwe Nancy Walton Laurie wa ku banja la eni masitolo a Walmart adaliyambitsa mu 2003, linkalipira bwino ovina ake ndipo lidatchuka msanga. Thumba la woyambitsayo litatsekedwa mu 2015, gululo lidatha pomwepo.

Kugwa ndi kudzuka kwa Dance Theatre of Harlem

Arthur Mitchell adalowa New York City Ballet mu 1955 ndipo adakhala munthu wakuda woyamba kufika pa udindo wa wovina wamkulu m'gululo. Imfa ya Martin Luther King Jr. mu 1968 idamukhudza kwambiri, mwakuti adabwerera kwawo ku Harlem kukaphunzitsa ana akuda ballet, gule amene anthu ambiri ankati si wawo. Mu 1969, pamodzi ndi mphunzitsi wake Karel Shook, adakhazikitsa Dance Theatre of Harlem. Maphunziro ankachitikira m'galaja, zitseko zili zotsegula kuti odutsa mumsewu aziona, ndipo ana ochepa oyambawo adachuluka msanga kufika mazana. Gululi lidadziwikanso ndi mwambo wodaya nsapato ndi zovala za m'miyendo kuti zifanane ndi khungu la wovina aliyense, m'malo mwa mtundu wa pinki umene ballet adazolowera.

Mbiri yake idafika kutali. Mu 1988 gululi lidakavina ku Soviet Union, ndipo mu 1992 lidayendera South Africa pamene tsankho la apartheid linkatha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1990 ovina adaimitsidwa ntchito miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndipo mu 1997 adanyanyala ntchito. Pofika 2004 ngongole idakwana madola 2.3 miliyoni. Gulu la ovina 44 lidaimitsidwa, ndipo sukulu nayo idatsekedwa kwa masabata angapo.

Otsatira nkhani za zaluso pa nthawiyo adaloza zinthu ziwiri: bodi yopanda mphamvu zokwanira zopezera ndalama, komanso ulamuliro wochuluka m'manja mwa woyambitsa. Ili ndi vuto lodziwika m'mabungwe ambiri obadwa m'maloto a munthu mmodzi. Khama ndi kuuma mtima komwe kumayambitsa gulu popanda kanthu kumavutanso kugonjera malangizo a wowerengera ndalama, ndipo a bodi, poti ambiri adalowa chifukwa chomusirira woyambitsayo, amachita manyazi kumukaniza.

Kudzuka kudatenga zaka zisanu ndi zitatu. Sukulu ndiyo idayamba kutsegulidwa anthu atasonkha ndalama. Michael Kaiser, yemwe panthawiyo ankatsogolera Kennedy Center ku Washington, adathandiza kukonza dongosolo latsopano, ndipo Laveen Naidu, wobadwira ku South Africa, adakhala mkulu woyendetsa ntchito. Mu 2009 padalengezedwa kuti Virginia Johnson, mmodzi wa ovina oyambirira a gululi, ndiye atenge udindo wa mkulu wa zaluso. Gululi lidabwerera pa siteji mu 2012 ndi ovina 18 okha. Kuchepaku kudatanthauza kusiya magule akuluakulu ofuna khamu la ovina ndi katundu wambiri, koma gulu laling'ono limayenda motchipa ndipo limakwana m'maholo a m'matauni ang'onoang'ono. Chotayika chenicheni chidali m'badwo wa ovina akuda amene zaka zawo zabwino zidadutsa gululi lili chigonere, poti moyo wa wovina pa siteji ndi waufupi.

Magule a Martha Graham m'bwalo la milandu

Vuto lina limabwera woyambitsa akamwalira. Martha Graham adayambitsa gulu lake mu 1926 ndipo adamwalira mu 1991 ali ndi zaka 96. Chuma chake adasiyira Ron Protas, yemwe adakhala naye pafupi zaka zake zomaliza. Protas ankakhulupirira kuti magule onse a Graham tsopano ndi ake, ndipo atasemphana ndi bodi adaletsa gululo kuwavina. Mu 2000, ngongole ndi mkanganowu zitakumana, gululo lidaimitsa ntchito.

Nkhaniyi idathera kukhoti. Mu 2002 woweruza Miriam Goldman Cedarbaum adagamula kuti mwa magule 70 omwe ankakanganirana, 45 ndi a bungwe, ndipo Protas adapatsidwa mmodzi yekha. Mfundo yaikulu idali yakuti kwa zaka zambiri Graham ankalandira malipiro ngati wolembedwa ntchito wa bungwe lomwe adaliyambitsa yekha, choncho zomwe adapeka pa nthawiyo zidali katundu wa bungwelo. Chigamulochi chidadzidzimutsa opeka magule ambiri, amene sankadziwa kuti kulandira malipiro ku bungwe lako lomwe kungakuchotsere umwini wa ntchito yako. Kuchokera apo, ambiri amaonetsetsa kuti za umwini zalembedwa momveka mu mgwirizano wa ntchito.

Kuchedwa kulikonse pa nkhani zotere kumawononga, chifukwa gule sasungika ngati buku. Ngakhale pali mafilimu ndi njira zolembera mayendedwe a thupi, zambiri zimakhala m'matupi a ovina, ndipo wamkulu amaphunzitsa wamng'ono pamaso ndi pamaso. Gulu likabalalika zaka ziwiri kapena zitatu, mbali ina ya chidziwitsocho imapita ndi anthu ake. Gulu la Graham lidayambiranso, ndipo Janet Eilber wakhala akulitsogolera kuyambira 2005, koma lidavutika zaka zingapo ndi ngongole zomwe mlanduwo udasiya.

Kukonzeratu za mawa

Merce Cunningham adasankha njira ina. Mu Juni 2009, patangotsala mwezi umodzi kuti amwalire ali ndi zaka 90, bungwe lake lidalengeza dongosolo lonena zomwe zidzachitike iye akadzapita. Gulu lake, lomwe lidayamba mu 1953, lidayenda dziko lapansi zaka ziwiri kutsazika, ndipo lidavina komaliza pa 31 Disembala 2011 ku Park Avenue Armory mu New York, tikiti ili pa madola 10 monga mwini wake adafunira. Ovina ndi antchito adalandira ndalama zowathandiza kuyamba moyo wina. Magule adasungidwa pa kompyuta pamodzi ndi mafilimu, nyimbo, zojambula za zovala ndi malangizo a magetsi, ndipo Merce Cunningham Trust ndiyo imapereka chilolezo kwa magulu ena ofuna kuwavina.

Ena adasankha kusiya wolowa m'malo adakali moyo. Alvin Ailey asanamwalire mu 1989 adapempha Judith Jamison kuti atenge gulu lake, ndipo mu utsogoleri wa Jamison gululo lidachoka m'ngongole mpaka kutsegula nyumba yakeyake mu 2005. Paul Taylor adatchula Michael Novak kukhala womulowa m'malo mu 2018, miyezi yochepa asanamwalire.

Zomwe magulu opulumuka amafanana ndi zinthu zosaoneka pa siteji: bodi yotha kupeza ndalama komanso kukana zosatheka, malire omveka pakati pa mkulu wa zaluso ndi woyendetsa ntchito, thumba losungira tsiku la tsoka, thandizo lochokera kumbali zambiri, ndi zolembedwa zonena mwini wa gule aliyense. Mliri wa Covid-19 utatseka maholo mu Malichi 2020, magulu okhala ndi zimenezi ndiwo adapirira bwino.

Dance Theatre of Harlem idadutsa m'nyengo imeneyo ili chilili. Mu 2021 idalandira madola 10 miliyoni kuchokera kwa MacKenzie Scott, mphatso yopanda zingwe yomwe bungwe limagwiritsa ntchito pomwe laona kuti pakufunika. Mu 2023 Virginia Johnson adapuma pa ntchito, ndipo Robert Garland, yemwenso adavinapo m'gululi nthawi ya Mitchell, adalandira udindowo mwadongosolo, gulu likupitiriza kuvina.