Mwana waulumali sayenera kulipira ngongole ya boma pa tchuthi

Ku America sukulu zambiri zimatsekera mu Juni n'kudzatsegulira kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Ana ambiri zomwe aiwala pa tchuthi chotalika chonchi amazikumbukira akangokhala m'kalasi masiku angapo. Mwana waulumali waukulu nkhani yake ndi ina. Taganizirani mwana wa vuto la autism amene mphunzitsi walimbana naye chaka chonse kuti akamva ludzu aziloza chithunzi cha kapu m'malo molira ndi kudzimenya m'mutu. Akakhala pakhomo masabata khumi popanda womukumbutsa, angathe kubwerera lusolo litatheratu, ndipo mphunzitsi amayambiranso pomwe anayambira chaka chatha. N'chifukwa chake maphunziro a pa tchuthi kwa mwana wotere ndi mbali ya sukulu yeniyeni, ndipo ndalama zake ziyenera kukhala zodalirika ngati za teremu ina iliyonse.

Malamulo a dzikolo anavomereza kale mfundo imeneyi. Mu 1975 Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulo lomwe kuyambira 1990 limadziwika kuti IDEA, lopatsa mwana aliyense waulumali ufulu wa maphunziro aulere omuyenerera. Patangopita zaka zinayi lamuloli litasainidwa, makolo ku Pennsylvania anapambana mlandu wa Armstrong v. Kline, khoti litagamula kuti boma silingakanize ana oterewa kuphunzira kupitirira masiku 180 a chaka cha sukulu, ndipo khoti la apilo linagwirizana nazo mu 1980. Lero malamulo amati gulu lokonza ndondomeko ya mwana payekha, yotchedwa IEP, momwe muli makolo ndi aphunzitsi, ndilo limaona ngati mwanayo akufunika maphunziro a pa tchuthi. Likavomereza, kholo sililipira kanthu, ndipo akuluakulu a sukulu saloledwa kusankha mitundu ya ulumali yoti ithandizidwe kapena kudula okha masiku.

Vuto lagona pa ndalama. Pokhazikitsa lamuloli, nyumba ya malamulo ya Congress inalonjeza kuti boma lalikulu lizipereka mpaka 40 pa 100 ya ndalama zomwe sukulu imagwiritsa ntchito pa mwana mmodzi, kuti zithandize pa zofunika zapadera za mwana waulumali. Lonjezo limeneli silinakwaniritsidwepo, ndipo m'zaka zaposachedwapa zoperekedwa sizifika ndi theka lomwe. Chonsecho ana othandizidwa pansi pa IDEA anafika pafupifupi 7.5 miliyoni m'chaka cha 2022 mpaka 2023, kutanthauza ana 15 mwa 100 alionse a m'sukulu za boma. Ndalama zotsalazo zimagwera maboma ang'onoang'ono ndi madera, omwe amadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo. Dera losauka likapanikizika, choyamba kufinyidwa ndi cha pa tchuthi: masabata ochepa, maola a m'mawa okha, aphunzitsi ongopezeka. Kwinakwake kholo limauzidwa kuti libweretse kaye umboni woti mwana anabwerera m'mbuyo pa tchuthi chapita, ngati kuti mwana ayambe wapsa kuti tikhulupirire kuti moto umaotcha.

Ena amatsutsa kuti ndalama zimangowonongeka chifukwa mabanja ambiri opatsidwa mwayiwu satumiza ana. N'zoona kuti mipando ina imakhala yopanda anthu, koma tifunse chifukwa chake. Mayi wogwira ntchito mpaka madzulo sangathe kukalandira mwana amene basi yamutsitsa masana. Mwana amene amavutika zinthu zikasintha amatumizidwa ku sukulu yachilendo, kwa mphunzitsi amene sanamuonepo, mwina akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi olimbitsa ziwalo kulibe. Nthawi zambiri m'kalasimo mumakhala ana aulumali okhaokha, ngakhale mwanayo chaka chonse amaphunzira limodzi ndi anzake opanda ulumali. Mu 2014 khoti la apilo, pa mlandu wokhudza dera la sukulu la Cornwall ku New York, linagamula kuti ufulu wophunzira pamodzi ndi ana ena umagwiranso ntchito pa tchuthi. Makolo akakana pologalamu yoperewera chonchi sakukana maphunziro, ndipo n'kulakwa kuwerenga mipando yopanda anthu n'kuisandutsa chifukwa chodulira ndalama zina.

Palinso onena kuti ana onse amaiwala pa tchuthi, ndipo mwana waulumali nayenso afunika kupuma. Kupuma n'kofunikadi, ndipo si mwana aliyense waulumali amene afunika kupita ku maphunziro a pa tchuthi. Koma muyeso wake ndi nthawi yomwe mwana amatenga kuti abwezeretse zotayika, ndipo kwa ena chotayikacho ndi luso lodya yekha, lopita kuchimbudzi yekha, lonena pomwe pakupweteka. Mu 2017, pa mlandu wa Endrew F., oweruza onse a khoti lalikulu la dzikolo anagwirizana kuti sukulu iyenera kuthandiza mwana kupita patsogolo molingana ndi mmene alili, osati kungosuntha pang'ono pongofuna kukwaniritsa lamulo. Mwana wotha miyezi yoyamba ya chaka chilichonse akutola zomwe anataya sakupita patsogolo.

Kuti ndalama zingapezeke zinaoneka nthawi ya Covid-19. Mu 2021 lamulo la American Rescue Plan linapereka madola pafupifupi 122 biliyoni ku sukulu, ndipo gawo lina linali la maphunziro a pa tchuthi. Madera ambiri anakulitsa mapologalamu awo. Koma nthawi yokonzera ntchito ndalamazo inatha mu Seputembala 2024, pomwe ulumali wa ana sunathe. Mphunzitsi wodziwa ntchito yapaderayi sangalembedwe ndi ndalama zobwera chaka chino n'kusowa chaka chamawa. Congress ikwaniritse 40 pa 100 yomwe inalonjeza yokha mu 1975, ndipo madera akonze maola, mabasi ndi aphunzitsi atafunsa kaye makolo amene ana awo adzakhale pa mipandoyo.